Zipora pa Sikelo ya Mtedza

Kuseri kwa golosale ya Mai Saida pa Nathenje kunali shedi ya malata yogulirako mtedza ndi nyemba. Pamtanda wa shediyo pankalendewera sikelo ya mbedza, ya nkhope yozungulira ngati wotchi. Loweruka lililonse, msika usanadzaze, Efulemu Mbewe ankafika pamenepo akukankha njinga, mkazi wake Zipora atakhala pakaliyala. Ankamutsitsa pang'onopang'ono, n'kumukhazika m'chiguduli chimene anachisoka ngati kampando, kenako n'kumunyamula kuti Mai Saida akoleke zingwe pambedza.

"Lero mundigula giredi yanji, Mai Saida?" anafunsa Zipora tsiku lina, miyendo ili lendelende.

"Inu ndi chalimbana weniweni, amake Masozi, wosankha kale. Koma khalani phee, kamuvi kakuvina."

Efulemu sankaseka nawo kufikira kamuvi kataima. Pankhope ya sikeloyo panali kamzere kamene anakanda yekha ndi msomali. Kamuvi kakadutsa kamzereko, ankapuma mpweya wautali n'kuyamba kufunsa za malonda. Kakaima pamzere penipeni, ankangoti, "Zikomo mayi," n'kupita kukasaka mazira.

Zipora anali ndi khansa ya bere lakumanzere. Anampeza nayo mvula itangoyamba, kuchipatala chachikulu cha m'tauni, ndipo anati berelo lichotsedwe msanga. Tsiku limene anawauza litakwana, anapeza dokotala wa opaleshoni atapita kwawo kutchuthi. Atabwereranso, makina ogonetsera odwala anali atawonongeka. Ulendo wina anafika mochedwa, chifukwa msewu unatsekedwa poti pankadutsa akuluakulu a boma. Basi yawo inaima padzuwa mpaka masana, anyamata a chipani akuyendera makhadi a aliyense. Magazi amene Efulemu anapereka kuti asungire mkazi wake anathandiza anthu amene anavulala pangozi ya lole.

Ulendo womalizawo, namwino wina wachikulire anamuitanira pambali.

"Bambo, ndikuuzeni zoona. Mwezi wa Julayi ukamatha adokotala adzakhalapo. Koma mayiwa akadzatsika thupi kuposa mmene alili leromu, sadzawagwira. Munthu wofooka sadzuka kutulo ta opaleshoni. Adyetseni. Ndipo mudzabwere ndi wachibale wina wopereka magazi. Inu mwapereka kale, simungaperekenso msanga."

Madzulo omwewo, atangotsika basi, Efulemu anapempha sikelo kwa Mai Saida, ndipo pamene kamuvi kanaima ndi pamene anakandapo kamzere kaja.

Efulemu anali mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula. Kale ankakhomera pakhonde, koma Zipora atayamba kusowa tulo ndi ululu, anasamutsira malata ake pansi pa bulugama wa kutsidya kwa msewu, pamene ankatha kuona zenera la kuchipinda. Zipora akamufuna ankatulutsa kansalu kofiira pazenerapo, ndipo nyundo inkalekera pakati. Ogula ankadziwa kuti ndowa yawo idikira.

Mwana wawo yekhayo, Masozi, anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu ndi khanda lapamsana. Choncho Efulemu anaphunzira yekha kusinja nsinjiro, kuswera dzira m'phala osalipsereza, ndi kuwiritsa mafupa mpaka msuzi utagwira milomo, monga anamuonetsera Mai Saida. Zipora sankatha kudya zambiri nthawi imodzi. Efulemu ankamupatsa pang'onopang'ono, tsiku lonse, ndipo pakati pa sipuni ndi sipuni ankamuuza za pamsewu: basi yomwe yaphulika tayala, nkhumba yomwe yathawa pamsika. Nkhani ikafika pokoma ankaima dala.

"Ndiye inathera kuti nkhumbayo?"

"Mezani kaye."

"A Mbewe, mwasanduka munthu woipa."

Bere litaphulika chilonda, ankalitsuka ndi madzi owiritsa amchere, nsalu zake n'kuziwiritsa m'ndowa imene anaikhomera ntchito yomweyo. Kuchitsime ankaima pamzere ndi azimayi.

"A Mbewe, tikusokereni chitenje cha chipani, muzikavina nafe!"

"Ndisokereni, koma nyimbo muziyambitsa ndinu. Ine mawu anga ndi a chidebe."

Pochokera kuchipatala atawabweza, sankadandaula pamaso pa mkazi wake. Ankamugoneka, n'kumufunditsa, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kumeneko ankatenga chitini cha misomali yakale n'kuyamba kuiwongola umodziumodzi pamwala, mwakachetechete, ngakhale yowongoka kale. Chitini chikatha ankasamba kumaso n'kukasonkha moto.

Loweruka lina munthu wa ku Mitundu, kwawo kwa Zipora, anabwera kudzagulitsa nyemba. Anasuzumira m'shedi n'kuona mayi akulendewera pambedza, mwamuna wake atatong'olera maso pasikelo. Sanafunse aliyense. Nkhaniyo pofika ku Mitundu inali itakula. Anthu ankakumbukirabe mphekesera zakale za opopa magazi okagulitsa kunja. Ankati mkamwini uja akuyendayenda kuchipatala ndi nkhani za magazi, mkazi akumudyetsa mazira ndi chiwindi, ndipo sabata ndi sabata akumupima kwa ogula mbewu. Akadzakwana kulemera, adzamupereka.

Patangopita masiku ochepa, ngolo ya ng'ombe inaima pakhomo pa Efulemu. Anatsikamo Gilibati, mchimwene wake wamkulu wa Zipora, mlimi wa fodya wa mapewa aakulu, pamodzi ndi Anna, mng'ono wake wa Zipora.

"Alamu," anatero Gilibati atakana mpando, "mlongo wangayu munamutenga chitengwa ndi chilolezo changa. Lero ndabwera kudzamutenga."

"Takhalani kaye pansi, alamu, mumwe madzi."

"Ndamwa kunjira. Ndamva kuti mumamupachika pambedza ngati thumba. Ndi zoona kapena zabodza?"

"Ndi zoona."

Gilibati anayembekezera kuti akana. Anatembenukira anthu amene anali atayamba kusonkhana. "Mwamva nokha!"

Efulemu anayesa kufotokoza za namwino ndi za kamzere, koma sanali munthu wa pakamwa pothamanga. Anangofika poti, "Ndimafuna asatsike thupi," Gilibati n'kumudula.

"Inenso mbuzi ndikafuna kukaigulitsa ndimaidyetsa bwino. Anna, lowa umutenge mkulu wako."

Zipora anayesa kuyankhula ali pamphasa, koma mawu ake sanatuluke pakhomo.

Aliyense pamenepo ankadziwa mwambo. Mwamuna sakhala mwini wa mkazi wake. Mwini mbumba ndi mchimwene wa mkaziyo, ndipo akanena kuti munthu wathu tikadwazikira kwathu, mwamuna alibe mawu. Anthu anayembekezera phokoso. Efulemu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi matiresi, n'kuyala m'ngolo. Anaika mapilo mbali ya kumanzere kuti berelo lisagunde thabwa. Anamunyamula yekha mkazi wake n'kumugoneka. Kenako anamangirira panjinga ndowa ija, mchere, nsalu, nyundo ndi bulangete, n'kukhoma chitseko ndi loko.

"Nanga inu mukupita kuti?" anafunsa Gilibati.

"Kuchikamwini. Ndinachizemba ndili mnyamata. Ndikachite tsopano."

Wina m'gulumo anaseka. Mwambo womwe unamupatsa Gilibati mlongo wake unalinso ndi malo a mkamwini kumudzi kwa mkazi, ndipo sakanamuthamangitsa pamaso pa anthu.

Ngolo ikudutsa pagolosale, Mai Saida anatuluka akuthamanga, chinthu cholemera atachikulunga m'chitenje.

"Icho sichikwera ngolo yanga," anatero Gilibati.

"Sichikwera yanu, bambo, chikwera njinga," anatero Mai Saida, akumangirira sikeloyo pamwamba pa ndowa.

"Mayi, ino ndi nyengo ya mtedza," anatero Efulemu. "Mugula ndi chiyani?"

"Ndi chitini, ngati mmene ankachitira mayi anga. Pitani, ngolo ikukusiyani."

Anayenda tsiku lonse m'fumbi, ngolo patsogolo, njinga pambuyo.

Ku Mitundu, Zipora anamugoneka m'nyumba ya Anna, ndipo Efulemu anamuuza kuti asalowemo. Anamuonetsa chigafa cha fodya kuti azigona m'menemo. Azimayi a pamudzipo ankamukonda Zipora, ndipo anamudwazika mmene ankadziwira. Ankamupatsa phala lamadzimadzi la odwala. Mazira anawaletsa, poti munthu wamkazi sadya mazira. Gilibati anakatenga mankhwala kwa sing'anga wa kufupi ndi Dzalanyama, osanzitsa, oti achotse zoipa zimene anamudyetsa ku Nathenje. Anna ankayesetsa kutsuka chilonda, koma fungo likamukwana ankathawira panja misozi ili m'maso, nsalu zakudazo n'kukaziponya kudzala.

Efulemu anagwira ntchito ya mkamwini osatumidwa. Anamata mapoto onse obooka a pamudzipo, anawaza nkhuni, anathandiza Gilibati kusankha fodya. M'mawa uliwonse ankagwada patali ndi khomo la Anna.

"Odi kuno. Adzuka bwanji odwala?"

"Adzuka," ankayankha Anna, osamuyang'ana.

Za tsiku la kuchipatala Efulemu anazitchula kamodzi. Gilibati anati, "Kumeneko sapitanso," n'kupitiriza kumanga fodya.

Kenako Anna anaona kuti nsalu zimene ankataya kudzala zikusowa. Anauza Gilibati monong'ona. Munthu wotola nsalu za mafinya a wodwala angafune chiyani, ngati si ufiti? M'mawa mwake kukungocha, Gilibati anabisala kuseri kwa nkhokwe ndi chibonga. Anaona Efulemu akutola nsaluzo ndi kamtengo, n'kuziika m'ndowa, n'kulowera kudambo. Anamutsatira chapatali.

Kudamboko Efulemu anali ndi mafuwa ake pansi pa nthochi. Anasonkha moto, n'kuwiritsa nsaluzo, n'kuyamba kuzichapa ndi manja. Pakati pa ntchitoyo anatembenukira kumbali n'kusanza. Anakhala kanthawi atagwira mawondo, kenako anatsuka m'kamwa, n'kubwerera kundowa. Nsalu iliyonse ankaiyang'anitsa kudzuwa, ikakhala ndi kabanga n'kuibwezera m'madzi. Pa udzu panali zina zouma kale. Anazipinda bwinobwino ngati mipango ya kutchalitchi.

Gilibati anazizindikira. Zinali zomwe zija ankazipeza m'mawa uliwonse pakhonde la Anna, iye n'kumaganiza kuti azimayi a mvano ndi amene akubweretsa. Anabwerera kumudzi njira ina, chibonga atachisiya m'tchire, ndipo sanauze munthu.

Tsiku lomwelo masana Zipora anaitanitsa mchimwene wake. Nkhope yake inali italowa, milomo itauma.

"Achimwene, mwezi ukutha. Ndipachikeni pasikelo."

"Zipora iwe, anthu adzati chiyani?"

"Anena kale. Mwini mbumba ndinu, sindikukana. Koma bere likuwolali ndi langa. Ndipachikeni, muone nokha chimene a Mbewe amayang'ana."

Gilibati anaimangirira yekha sikeloyo pamtanda wa chigafa. Anali munthu wodziwa masikelo. Anaigogoda ndi chala, n'kuona ngati kamuvi kakubwerera pamalo pake, n'kukoka mbedza kuti aone ngati siikugwira. Mudzi wonse unabwera. Efulemu atafuna kunyamula mkazi wake, anayang'ana kaye kwa Gilibati, ndipo Gilibati anagwedeza mutu. Atangomunyamula, nkhope ya Efulemu inasintha. Manja ake anadziwa sikelo isananene.

Kamuvi kanagwedezeka n'kuima kasanafike pamzere. Panatsala mpata wokwana chala.

Efulemu anamutsitsa Zipora bwinobwino, n'kumukhazika pamphasa, n'kumukonzera mpango. Kenako iye anakhala pansi m'fumbi la fodya, n'kuphimba nkhope ndi manja ake a zipsera za malata. Zipora, amene anakhala naye zaka zonsezo, anali asanamuonepo akutero.

"Kamzereka n'ka chiyani?" anafunsa Gilibati, mawu ali pansi.

Anayankha ndi Zipora. "Ndikatsika pamenepo, adokotala sandigwira. Andibweza kuti ndidzafere kuno."

"Ku Nathenje kankaima pati, alamu?"

Efulemu anadzuka, n'kupukuta m'maso ndi mkono, n'kuloza ndi chikhadabo kutsogolo kwa mzere. Gilibati anayang'ana pamene panali chikhadabocho, n'kuyang'ananso pamene kamuvi kanaima. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti watsikira m'manja mwanga," anatero. "Anna, mankhwala aja ukataye. Alamu alowe m'nyumba. Anyamata, gwirani mbuzi yofula ija."

"Ndi mazira," anatero Efulemu, osadzutsa mutu.

Azakhali ena anawomba m'manja modabwa. "Mazira kwa munthu wamkazi? Adzatseka njira ya ana!"

"Azakhali," anatero Zipora, "ine ndili ndi mdzukulu. Njirayo itsekeke, ndiikhomerenso loko."

Azimayi anaseka mpaka ena kugwirana mapewa, ndipo mtsikana wina anathamangira kuchikwere cha nkhuku.

Kuyambira pamenepo Efulemu ankaphika, Anna akuonerera. Anamuonetsa kuti chilonda amayamba kutsuka m'mbali, ndi kuti akamanga kansalu konyowa ndi madzi a mandimu pamphuno, fungo silimugwetsa. Anna nayenso anamuonetsa kuti Zipora ali mwana ankakonda futali wa mbatata, chinthu chimene Efulemu sankachidziwa. Gilibati sanapepese ndi pakamwa. Ankangofika ndi chiwindi, kapena chambiko m'chipanda, kapena nkhunda ziwiri, n'kuziika pafupi ndi mafuwa.

"Alamu, izi zikweza kamuvi?"

"Zikweza, akadya."

"Zipora, idya! Fodya wanga yense sanandivutitsepo pasikelo ngati iwe."

"Mundinyowetse ndi madzi, achimwene, ngati mmene mumachitira ndi mabelo anu."

"Iwe! Pali anthu pano!"

Tsopano kupima kunali kwa m'mawa uliwonse, ndipo anthu opita kudimba ankadzera pachigafa kudzafunsa. Masiku ena kamuvi sikankasuntha. Tsiku lina Zipora anasanza zonse, kamuvi n'kubwerera m'mbuyo, ndipo madzulo ake Gilibati anapeza mlamu wake kuseri kwa chigafa akuwongola misomali yakale pamwala. Sanamufunse. Anakazula ina yopindika pakhola n'kumuikira pambali.

Kutatsala tsiku limodzi kuti apite, kamuvi kanagunda mzere. Sikanadutse. Kanangoima pamwamba pake, kamzere n'kubisika. Gilibati anagogoda sikelo, kamuvi kanagwedezeka n'kubwerera pomwepo. Anna anayamba nthungululu, koma Efulemu anangoti, "Phala lija lisazizire."

Anapita atatu. Gilibati anavala jekete lake lopitira kuokushoni ya fodya, khadi la chipani atalilowetsa m'chipewa. Efulemu ankadziwa kuti akhoza kukapeza chifukwa china chatsopano, ndipo m'thumba anali atanyamula mazira owiritsa a pobwerera.

Namwino wachikulire uja anawazindikira. Anamukweza Zipora pasikelo ya chipatala, n'kusuntha kachitsulo kake uku ndi uku. Anayang'ana Zipora, n'kuyang'ana Efulemu.

"Bambo, mwagwira ntchito. Adokotala alipo, makina akuyenda. Wa magazi ndi uti?"

Gilibati anayang'ana kumbuyo kwake ngati kuli munthu wina. Kunalibe.

"Magaziwo, amayi," anatero akupotokola chipewa, "amapita kuti kwenikweni?"

"Kwa mlongo wanu, ngati agwirizana. Akapanda kugwirizana tisinthanitsa ndi ena. Bwanji, bambo wamkulu chonchi mukuopa singano?"

"Amaopa ndi nkhuku yomwe ikamakhalira," anatero Zipora.

Gilibati anavula jekete n'kumupatsa Efulemu. Pakhomo la kachipindako anatembenuka. "Alamu, ndikapanda kutuluka, ng'ombe ya mawanga ija ndi ya Anna. Ndipo mukauze anthu kuti ndinalowa ndekha, sanachite kundikoka."

Anatuluka ali wotuwa, thonje pamkono, akuyenda ngati wanyamula mtsuko wodzaza.

M'mawa mwake anabwera ndi kabedi ka matayala kudzatenga Zipora. Efulemu anayenda m'mbali mwake mpaka pachitseko chimene achibale sadutsa. Anakonzanso pilo wa kumanzere, ngakhale anali bwinobwino.

"A Mbewe," anatero Zipora, "sikelo ija mukabweze. Mai Saida akuluza mtedza."

"Tikabweza tonse."

"Ndiye nkhumba ija inathera kuti? Simunandiuze."

"Mukatuluka."

Chitseko chinatsekeka.

Panja panali benchi yotsamira khoma. Anakhalapo awiriwo, Efulemu ndi Gilibati. Efulemu anaika manja pamawondo, n'kuwachotsa, n'kupisa m'thumba, n'kutulutsa dzira limodzi. Analisenda bwinobwino monga ankachitira masiku onse, kenako anazindikira kuti palibe womudyetsa. Analipereka kwa Gilibati.

"Idyani, alamu. Mwatsika magazi."

Gilibati asanamalize kutafuna, mutu wa Efulemu unali utatsamira khoma, pakamwa pali pululu. Anagona tulo tofa nato, dzuwa likumuwomba kumaso. Gilibati anasendera kumapeto kwa benchi, n'kukhala mowongoka kuti mapewa ake atchinge dzuwalo.

Mnyamata wokolopa anafika ndi ndowa yake n'kufuna kumugwedeza Efulemu kuti akweze miyendo.

"Iwe, zungulira uko," anatero Gilibati monong'ona. "Usamudzutse. Ndi mkamwini wa kwathu ameneyu."